Malaya ofiira a m'tsekera

Tsiku limenelo m'kasitolo ka mwana wanga Ganizani, pa Kaluluma, tinalimo anthu awa: ineyo Lefani Mwale, Ganizani mwini sitolo, mdzukulu wanga Yamikani, mnzake wina dzina lake Tiyese, ndi achimwene anga a Filimoni, amene anakhala pa benchi pafupi ndi chitseko, diso lawo limodzi lotsalalo atalilozetsa kumsewu. Munalinso fungo. Anyamata awiriwo anali atathawa kosoka fodya osasamba, manja ali bii ndi utomoni, ndipo fungo la fodya wamuwisi, lija lowawa kukhosi, linadzaza kachipinda konse mpaka kumalata. Fungo limenelo ndakhala nalo moyo wanga wonse, silindichita kanthu. Koma tsiku limenelo linakumana ndi kulira kwa mfuti, ndiye ziwirizi zikakumana ine zimandibweza kutali.

Ndinapitako kukakoka Yamikani khutu. Fodya ali mulu m'chigafa kudikira wosoka, iye ali pa kanema kusewera zimene amati gemu. Ndinalowa ndi mawu angawa, amene aliyense pa Kaluluma amawadziwa, oti ndikapereka moni kumsika agalu a kutsidya amayankha. Ndinawauza kuti akungotha maso ndi mfuti zojambula, kuti yeniyeni sanaionepo ndi kumaloto komwe, pamene ine ndinakulira pakamwa pa mfuti. Ganizani anangoseka. "Ndiye tationetsani, ababa," anatero, n'kundiika m'manja kachipangizo ka mabatani kamene iwo amati padi.

Ndinene zoona, pakuti ine bodza silindikhala: chinthucho n'chokoma. Pa kanemapo pamaima kamunthu, kamsilikali, katakufulatira. Ukakankha ndi chala cha kumanzere kamathamanga, ukadina ndi cha kumanja kamawombera. Adani amangotuluka ngati inswa za mvula yoyamba, ena kuseri kwa migolo, ena padenga, ena m'magalimoto oyaka moto. Ukagwetsa mmodzi kamalira kabelu, manambala n'kumakwera pamwamba. Manambala ndiye ndimawadziwa, zimene zimandidutsa ndi zilembo za Chingerezi. Zipolopolo zikatha umangoponda kabokosi kali panjira, basi zadzaza. Kamunthuko sikatopa, sikapempha madzi, sikalasidwa ndi minga. Ndinagwetsa angapo, anyamata n'kumakuwa kuti agogo ndi dolo, ine m'chifuwa mukutentha ngati ndamwa tiyi wothira shuga wambiri. Kenako kanawombedwa, kanagwa chafufumimba, kanema yense psuu. Ndisanapume n'komwe, kena kanali kataima kale pamalo pomwepo, malaya omwewo, msana womwewo.

Chala changa chinauma pa batani. Msana umenewo ndinali nditauonapo kale.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali wa msinkhu woti mbuzi ndidyetsa, koma khasu la akulu likundilemera. Tinachoka kwathu ku Dedza pa lole, ababa, amayi, achimwene a Filimoni ndi ine, kudzakhala matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Nkhamenya. Dzina la esitetiyo ndi la mwini wake sinditchula. Anamwalira kale, ndipo asandidyere malo papepala pano. Tenanti ndi munthu wolima fodya m'munda wa mwini wake, wodya phoso lopatsidwa, wodikira kuti fodya akagulitsidwa naye aoneko chake. Akakuchotsa fodya asanagulitsidwe, umachoka ndi zikhatho zako zokha.

Dziko lake linandidabwitsa. Ife a ku Dedza tinazolowera kuti ukatuluka m'nyumba phiri limakuimira pafupi ngati malume ako. Kuno kunali see, thyathyathya, maso kumangopita osapeza powaimitsa, ngati wagona panja wopanda chofunda. Nyumba za matenanti zinali mzere umodzi, zaudzu kuyambira padenga mpaka m'zipupa, moti mnansi akatsokomola unkachita kumuuza kuti pepani uli pamphasa pako. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali chigafa, chisakasa chachitali chopanda makoma chowumitsiramo fodya. Chathu ababa anamanga okha, ndipo ankachiyang'ana kuposa mmene ankayang'anira nyumba.

Nyengo yothyola tinkalowa m'munda mame asanakamuke. Masamba onyowa tinkawapanira m'khwapa, madzi ake owawa kumatsikira m'nthiti, ndipo dzuwa likakwera mutu unkazungulira, nseru ili pakhosi. Utomoni unkamata m'manja mpaka tsitsi la pamkono, wosachoka ndi madzi koma ndi mchenga. Masana amayi ankakhala pansi atatambasula miyendo, kusoka masamba ndi singano yaitali imene ababa anasula kuchokera ku sipoko ya njinga. Ife tinkanyamula osokawo kukapachika pa mikangala, timitengo topingasa m'chigafa. Masiku akamapita fodya ankasintha, kuchoka kubiriwira kufika kufiirira ngati chikopa cha mbawala, fungo nalo n'kusiya kuwawa kuyamba kununkhira ngati uchi wopserera. Ababa ankalowamo madzulo, kukhudza tsamba ndi nsonga za zala, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anali ndi liwu ababa. Akaimba Lamulungu, azimayi a kutsogolo ankacheuka.

Achimwene a Filimoni ankandiposa pang'ono. Liwiro anali gwape, ndipo maso awo ankaona dzira la nkhwali m'udzu pamene ine ndikuona udzu wokhawokha. M'chigafa ankakwera mpaka kunsonga osagwira ndi manja onse awiri. Sanaterereke ndi tsiku limodzi lomwe. Mawu amenewa muwasunge.

Tchuthi cha Pasaka chitafika, fodya wathu yense ali m'chigafa, kunabwera mwana wa bwana kuchokera kusukulu yogonera komweko. Dzina lake anali Kenedi, koma tinauzidwa kuti tizimutcha abwana aang'ono. Anali msinkhu umodzi ndi achimwene, wovala nsapato ndi masokosi, wonunkhira sopo ngakhale masana. Anabwera ndi mfuti ya mbalame, ija yothyola pakati n'kuikamo kachipolopolo kamodzi konga njere ya mapira. M'mawa wina a Nkhoma, kapitawo wa esiteti, anaima pakhomo pathu ndi njinga yawo n'kunena kuti abwana aang'ono akufuna mnyamata wa liwiro wowavumbulutsira mbalame m'tsekera. Ababa anavula chipewa, ngakhale kuti amene ankalankhula nawo anali kapitawo chabe. Anapereka achimwene. Ine anandiwonjezera kuti ndizinyamula zophedwazo.

Tsekera wa kudambo nyengo imeneyo amamiza munthu wamkulu, choncho Kenedi anapatsa achimwene malaya ake akale ofiira kuti aziwaona bwino ali patsogolo. Malaya a mabatani! Ife chibadwire tinali tisanavalepo chinthu cha mabatani. Anga anali thumba la feteleza loboola pakhosi. Malayawo ankanunkhira sutukesi, ndipo achimwene atawavala ana onse a mumzere anatuluka kudzawagwira. Mayi wina analavula malovu n'kunena kuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ine ndinamva ngati akutiyamikira.

Kayendedwe kake kanali kotere. Achimwene patsogolo, Kenedi pambuyo pawo ndi mfuti, ine kumapeto ndi luzi lomangira mbalame. Kenedi ankangofuula: "Kumanzere! Kumanja! Thamanga! Gona!" Achimwene ankachita zomwezo, msangamsanga, ngati mawuwo amangidwa ndi chingwe kumiyendo yawo. Nkhwali ikavumbuluka, iwo pansi, mfuti pha! Lamulo lalikulu linali limodzi: wapatsogolo asacheuke. Kenedi ankati nkhope imamusokoneza polozetsa. Masiku onsewo chimene ine ndinkaona ndi misana iwiri, woyera pafupi, wofiira patali ukulowa ndi kutuluka m'udzu.

Ndinkasangalala, ndisaname. Anzathu ali kosankha fodya, ife tili kudambo kumene kunkanunkhira matope ndi timbewu ta kuthengo, achule akulira, nsenjere zikutidula m'miyendo. Pamthunzi wa mkuyu Kenedi ankatinyemera buledi wopaka majarini, ankatisimbira za kutauni, ankaseka Chichewa chathu cha kumapiri ifenso n'kumaseka nawo. Anandilonjeza kuti tsiku lina adzandigwiritsako mfuti. Ndinkati tili atatu, anyamata atatu pa masewera amodzi, kungoti aliyense ali ndi malo ake.

Koma Kenedi sankadziwa kuwombera. Njiwa yotera pamtengo ankapha, nkhwali youluka ayi. Achimwene ankavumbulutsa, iye kuphonya, kuvumbulutsa, kuphonya, mpaka anayamba kunyong'onyeka. Tsiku lina kunatentha mvula itangokata, nthunzi ikukwera m'dambo, mbalame zonse zili zii. Ndinamuona akuyasamula. Kenako anakweza mfuti bwinobwino, osathamanga, n'kulozetsa pa chinthu chokhacho chimene chinkaoneka m'tsekera monsemo.

Pha! Achimwene anadumpha n'kudzimenya pamsana ngati alumidwa ndi mavu, koma sanacheuke. Kenedi anaseka, anandiyang'ana kuti ndiseke naye, koma ine sindinaseke. Anathyola mfuti, kuikamo china. Chachiwiri chinagwera paphewa. Pamenepo ndinamva mawu a achimwene, aulemu, apansipansi: "Abwana, zikupweteka." Ndipo potero anatembenuza nkhope. Chachitatu chinali chitanyamuka kale.

Sanakuwe. Anangokhala pansi m'matope, dzanja pa diso, magazi akutuluka pakati pa zala, mtundu wake umodzimodzi ndi malaya aja. Kenedi anayandikira, anaona, nkhope yake n'kutuwa ngati phulusa. "Ndinakuuza kuti usacheuke," anatero. Kenako anathawa, mfuti ili m'manja. Ine ndinataya njiwa zimene ndinanyamula, ndinagwira achimwene dzanja, n'kuwatsogolera kutuluka m'tsekera. Aka kanali koyamba kuti ine ndikhale patsogolo pawo.

Ababa anatuluka m'chigafa atamva kulira kwa amayi. Anachotsa dzanja la achimwene, anayang'ana, analibwezera. Ndinawauza zonse, mofuula, anansi akumva kudzera m'zipupa zaudzu zija. Ababa anatola khasu. Anayenda kuloza kunyumba ya bwana, ine mumtima ndikuti lero ndiye lero. Koma njira yake inkadutsa pa chigafa chathu. Anaima pamenepo. Fodya anali lendee kuyambira pansi mpaka kunsonga, wofiirira bwino, thukuta lathu la chaka chathunthu, ndipo kamphepo kankamugwedeza pang'onopang'ono. Ali chiimire anafika a Nkhoma pa njinga, anawatengera kuseri, n'kulankhula nawo nthawi yaitali. Chimene ndinamvako n'chakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Atabwerako, khasu analitsamiritsa pakhoma. Anatisonkhanitsa m'nyumba, ndipo munthu uja wa liwu lodzaza tchalitchi ananong'ona. "Wabayidwa ndi mkangala pokwera m'chigafa. Mwamva nonse?" Amayi analuma nsonga ya chitenje chawo. Achimwene anawakweza pa njinga ya kapitawo kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo kumenekonso anakanena za mkangala. Diso silinabwerere.

Malaya aja amayi anakawachapa kudambo, kuwasasantha pamwala ngati akumenya munthu. Timabowo tiwiri ta pamsana anatisoka. Ankati awabweze kwa eni ake. Koma asanatero, achimwene akadali kuchipatala, a Nkhoma anaimanso pakhomo. Anati abwana aang'ono akhumudwa kwambiri ndi ngoziyo, akungobindikira m'nyumba, ndipo bambo awo akufuna kuti atulukeko apitidwe mphepo. Anati paja pali mnyamata wina pano.

Ababa ananyamuka. Anapita pachingwe, anachotsa malayawo, anagwada patsogolo panga n'kundiveka okha. Zala zawo zakuda ndi utomoni zinkalephera mabatani, moti anaphonya limodzi, mbali ina n'kukhala yaitali. Malayawo ankandifika m'mawondo. Anaika pakamwa pawo pakhutu langa. "Usacheuke, mwana wanga. Zivute zitani, usacheuke."

Ndipo sindinacheuke. Tchuthi chonse chotsalacho ndinayenda patsogolo. Kumanzere, ine kumanzere. Gona, ine pansi. Pankhongo pankandiyabwa ngati pakuyenda nyerere, makutu ali tcheru kumvera kaphokoso kaja ka mfuti ikamathyoledwa. Masiku oyamba Kenedi ankawombera njiwa zokha, sankalankhula zambiri. Koma mantha a mwana wa bwana sakhalitsa. Tsiku lina mbalame zitasowanso ndinamva moto pansi pa phewa lamanzere. Ndinaluma mano, misozi ikutsika yokha, maso ali kutsogolo pa tsekera. Ndinamumva akuti, "Iwe ndiye mwamuna." Kachipolopolo kameneko kakadali m'thupi mwanga mpaka lero, kamayenda pansi pa khungu ukakakankha. Ana anga onse anakula akukagwira, ine ndikuwauza kuti n'ka ku ulenje.

Madzulo ake ndinabwerera kumzere ndikuyenda ngati tambala. Maso anga onse awiri analipo. Mumtima ndinkati masewera aja ndawina ndine, kuti achimwene ndi liwiro lawo lonse analakwitsa pamene ine ndinakhoza. Tchuthi chitatha Kenedi anakwera galimoto. Ndinaima pamsewu ndi malaya ofiira aja kuti andione, mwina akumbuke za mfuti. Galimoto inadutsa, fumbi n'kundimwaza m'maso. Fodya anagulitsidwa, ife sitinachotsedwe, ndipo chaka chotsatira ababa anamanga chigafa chachiwiri. Kutchalitchi ankapitabe, koma ankangogwedeza milomo.

Achimwene anabwerako ndi nsalu kumaso. Pothira madzi m'kapu ankathira pambali, pothamanga ankagunda zitsa, mpaka analeka kuthamanga. Aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti unali mkangala. Anthu ankati pepani, ena ankati ana osamva pokwera. Munthu amene sanaterereke ndi kamodzi komwe anasenza dzina la wosasamala mpaka imvi. Makolo athu tinawaika m'manda a kuno ku Kasungu, mkangala uja ukadali chiimire. Ineyo ndinakula wa mawu aakulu, chifukwa ndinalumbira kuti kunong'ona kuja sikudzatuluka pakamwa panga. Ndinadzipangira ndi mwambi wangawanga: Lefani sacheuka. Ndaunena pa bawo, pa maliro, pa milandu, ndaunena kwa ana anga pamene ankalira. Ndinkaunena ndikudziguguda pachifuwa.

Ndiye ndinali pamenepo m'kasitolo ka Ganizani, padi ili m'manja, kamunthu kachiwiri kaja kataima kudikira chala changa. Ndinauza Yamikani kuti akatembenuze, ndikaone nkhope. Mwanayo anaseka. "Zimatheka agogo, koma palibe amachita zimenezo. Mukakacheutsa, mwaluza." Ndinati atembenuze basi. Ganizani anatenga padi, anakankha, kamunthuko n'kuzungulira pang'onopang'ono. Kanali ndi nkhope. Amene anakapanga anavutika kukajambulira nsidze, mphuno, maso awiri ophethira, zonse zimene wosewera sazifuna. Kanandiyang'ana. Kenako kanema psuu.

"Sunali mkangala!" Mawuwo anatuluka okha, ndipo anamveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Ndinanena zonse, za Kenedi, za kuyasamula kuja, za khasu lotsamira pakhoma, ndikuloza achimwene ndi chala, anyamata ali kukamwa yasa. Ndinkayembekeza kuti achimwene alira, kapena andigwira dzanja. Iwo anatola ndodo yawo, anaimirira bwinobwino, n'kundilozetsa diso lija. "Unali mkangala, Lefani. Ababa anatero." Anatuluka akupapasa mphuthu ya chitseko mbali yosaonayo, monga achitira zaka zonsezi.

Ndili mwana ndinkati tinali atatu pa masewera amodzi, ndipo wopambana ndinali ine. Lero ndikuona kuti wosewera anali mmodzi. Winayo atagwa anangoimika wina, malaya omwewo, ndipo amene anamanga mabatani anali bambo wanga. Koma chimene chikundiwawa kwambiri si chimenecho. N'chakuti masana aja, padi ili m'manja, ndinalawa chimene Kenedi ankalawa, ndipo chinali chokoma. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mnyamata uja ankatida, pakuti munthu amene amakuda ndiye kuti wakuona. Sankatida ayi. Msana sudedwa.

Dzuwa litapendeka Ganizani anatseka sitolo n'kundiperekeza, akukankha njinga yake m'kanjira ka pakati pa minda ya fodya. Tili pafupi kufika anaika dzanja lake pansi pa phewa langa lamanzere, pa kachipolopolo kaja, monga ankachitira ali wamng'ono, koma ulendo uno sanakakankhe.

"Ababa," anatero, "zaka zonsezi mukamati Lefani sacheuka, ine ndinkayesa kuti munachita kusankha nokha."